Paipi yopopera madzi pa sinki ikamadontha: kalabala, tepi kapena paipi yatsopano?

Tikunena paipi yofewa ija yokhala ndi mutu wopopera, imene mumaikoka kuchokera mu mpope wa pa sinki. Musanasankhe njira, pezani kaye pamene madzi akutulukira. Pukutani paipi yonse iume, tsegulani mpope, kenako yendetsani tishu wouma kuchokera kumutu wopopera mpaka pansi pa sinki. Ambiri amanamizika pamenepa: madzi otuluka polumikizira mutu amatsetsereka ndi paipi n'kukadonthera m'kabati, munthu n'kumaganiza kuti paipi yabooka. Dziwaninso kuti paipiyi imalandira madzi mpope ukatsegulidwa basi. Ngati mutu ukudontha kosaleka mpope uli wotseka, vuto lili mu katiriji, kachipangizo ka mkati mwa mpope kamene kamatsegula ndi kutseka madzi, paipi ilibe mlandu.

Kusintha kalabala ndiye njira yotchipa kwambiri, ndipo imathandiza pokhapokha ngati madzi akutuluka polumikizira. Masulani mutu ndi dzanja mutagwira paipi kuti isathawire mkati mwa mpope. Mupezamo washa kapena kalabala kozungulira kamene kaphwanthika, kauma kapena kang'ambika. Tengani kakaleko pokagula katsopano, chifukwa kusiyana kwa milimita 1 n'kokwanira kuti madzi azidonthabe. Pakani girisi wa silikoni pang'ono. Vaseline ayi, amatupitsa mitundu ina ya labala n'kuifewetsa. Mangani ndi dzanja, osati ndi sipanala. Mathiredi (timizere tozungulira tomangira) ambiri a pamutu ndi apulasitiki ndipo amasweka mukalimbitsa mopyola. Mabowo a mutu akatsekeka ndi zoyera zimene madzi amasiya, madzi amakankha mwamphamvu polumikizira, choncho viikani mutuwo mu viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana kwa mphindi 30.

Tepi yoyera ya PTFE, ija imakulungidwa pa mathiredi a mapaipi, pano ilibe ntchito. Chimene chimatseka madzi ndi kalabala, osati mathiredi, ndipo tepi ikachuluka imalepheretsa nati kufika pokanikiza kalabalako.

Nanga tepi ya silikoni yodzimata yokha, yokulunga pamene paipi yabooka? Ingakusungeni masiku angapo mukudikira paipi ina, koma sitingaitche kukonza. Paipiyi imapindika ndi kukhuza mkati mwa mpope nthawi iliyonse mukaikoka, ndiye tepi imasenda kapena kukodwa. Choipa kwambiri n'chakuti ikayambanso kudontha simuona msanga, thabwa la kabati limangovunda mwakachetechete.

Paipi ikabooka, kaya ulusi wake wakunja wayamba kuthothoka, isintheni yonse. Tsekani mavalavu awiri a pansi pa sinki, wa madzi otentha ndi wa ozizira, ndipo ikani beseni. Musanachotse chitsulo cholemera chimene chimabweza paipi, yezani pamene chili kuti mudzachiike pomwepo pa yatsopano. Chikakhala pamalo olakwika mutu subwerera bwino. Kumunsi, mipope ina ili ndi nati, ina ili ndi cholumikizira chongokankha chogwidwa ndi kakilipi. Apa mpamene paipi ya kampani imene inapanga mpope imasiyana ndi ija amati imalowa pa mpope uliwonse. Yoyambayo imadula koma imalowa popanda kulimbana nayo. Yachiwiriyo imabwera ndi maadaputala angapo, tizolumikizira toithandiza kulowa pa mipope yosiyanasiyana, ndipo adaputala iliyonse ndi malo enanso amene angadonthe. Ngati mpope wanu uli ndi cholumikizira cha kilipi, gulani ya kampani. Ngati ndi nati wamba, inayo ingakwane, bola utali ndi mathiredi zifanane ndi zakale.

Mukamaliza, tsegulani madzi kwa mphindi imodzi musanabwezere mutu kuti zinyalala zituluke, kenako yesaninso ndi tishu mbali zonse ziwiri. Sunthani mabotolo ndi ndowa za m'kabati, poti n'zimene paipi imakodwamo n'kuyamba kuperepeseka.

Kugula mpope wonse kusiyireni pamene thupi la mpope lang'aluka, kapena paipi yake sikupezekanso ndipo maadaputala akana kulowa.