Kachipangizo ka Wi-Fi ka TP-Link TL-WN722N: miyezi isanu ndikukagwiritsa ntchito

Kompyuta yathu ya patebulo, yokhala ndi chibokosi pansi ija, ilibe Wi-Fi yakeyake. Rauta ya simu khadi timaiika pabalaza pafupi ndi zenera, chifukwa ndi pamene netiweki imagwira bwino kwathu kuno ku Chirimba. Kompyuta ili kuchipinda, ndipo pakati pali makoma awiri a njerwa zootcha. Nyumba ndi ya lendi, zoboola khoma kuti tidutsitse chingwe sizikanatheka. Ndiye ndinagula kachipangizo aka kolowetsa pa USB, kokhala ndi eriyo yopinda yomwe imathanso kuchotsedwa.

Pulogalamu yoti kompyuta ikazindikire, driver ija, ndinaitenga pa foni patsamba la TP-Link n'kuisamutsa ndi chingwe cha foni. Musanatero, yang'anani pakapepala komatidwa pakachipangizoko, pali nambala ya mtundu wake, monga V2 kapena V3, ndipo mutenge driver yogwirizana ndi nambalayo.

Sabata yoyamba sindinasangalale. Timizere ta Wi-Fi tinkaoneka tiwiri, mwina kamodzi, ndipo intaneti inkadukaduka. Mwana wanga wamkazi amalembera pamenepo ntchito za kukoleji, ndiye madzulo aliwonse kunali kumva "Adadi, yadukanso." Zimapweteka kuona mwana atakhala mpaka usiku kudikira tsamba limodzi kuti litseguke.

Vuto linali malo amene ndinakalowetsa. Ndinakaika kumbuyo kwa chibokosi chachitsulo, pansi pa tebulo, kotsamira khoma. Chitsulo chimatchinga mafunde a Wi-Fi. Kuwonjezera apo, ndinakalowetsa pa dzenje la USB 3.0, la buluu mkati lija, ndipo madzenje amenewa amadziwika kuti amatulutsa phokoso la magetsi losokoneza mafunde a 2.4 GHz, omwe kachipangizo aka kamagwiritsa ntchito. Ndinagula chingwe chotalikitsira USB cha mita imodzi ndi theka, ndinachilowetsa pa dzenje lakuda wamba, kachipangizoko n'kukaika pamwamba pa shelefu, eriyo itaimirira, chakukhomo kumene kuli njira yopita pabalaza. Pompo timizere tinafika tinayi. Mpaka lero ndimadabwa kuti chingwe chotchipa chotere chinasintha zinthu chonchi.

Panatsala kavuto kena. Tikasiya kompyuta kwa kanthawi, tinkapeza Wi-Fi yazimiratu mpaka titachotsa kachipangizo n'kukabwezeretsa. Windows imakhala ndi kachitidwe kozimitsa zipangizo zina posunga magetsi. Mukalowa mu Device Manager, pansi pa Network adapters, musankhe kachipangizoko, mupite pa Properties kenako Power Management, muchotse chizindikiro pamalo ololeza kompyuta kuzimitsa chipangizo. Chichotsereni, sizinachitikenso.

Za magetsi tonse tikudziwa mmene zimakhalira. Akabwera, kompyuta imayaka msanga kusiyana ndi rauta, ndiye nthawi zina imaonetsa kuti yalumikizika koma intaneti palibe. Tsiku lina ndinalemba ipconfig mu Command Prompt n'kuona nambala yoyamba ndi 169.254, zomwe zimatanthauza kuti kompyuta sinalandire adiresi kuchokera ku rauta, yangodzipatsa yokha. Mankhwala ake ndi kudikira mphindi ziwiri rauta ikhazikike, kenako kudula Wi-Fi ndi kulumikizanso. Koma musanagwire chilichonse pa kompyuta, yambani mwayesa foni pa Wi-Fi yomweyo. Foni ikakhala kuti nayo ilibe intaneti, kompyuta ilibe mlandu: mwina rauta yataya netiweki, mwina bandulo yatha. Kwathu bandulo inatha kawiri mosayembekezera, chifukwa Windows inkatsitsa zokonzanso zake usiku. Ndinayatsa Metered connection, kabatani kouza Windows kuti intaneti yathu ndi yoyezedwa, pa dzina la Wi-Fi yathu, ndipo tsopano bandulo imafika kumapeto kwa mwezi. Kwa ife ogula intaneti yoyezedwa ngati mafuta ophikira, kabatani kameneka n'kofunika kwambiri.

Nyumba za kuno n'zothithikana, marauta a anzathu oyandikana nawo amaoneka ambiri pa mndandanda. Ndinalowa patsamba la rauta, pogwiritsa ntchito adiresi yolembedwa kunsi kwake, n'kusintha tchanelo kupita pa 11. Matchanelo 1, 6 ndi 11 ndi amene sapondana, ndiye yesani limodzi mwa atatuwa. Kusinthako sikunali kwakukulu, koma madzulo anthu akaweruka kumamveka.

Dziwani musanagule kuti kachipangizo aka ndi ka 2.4 GHz basi. Rauta yanu ikakhala ndi dzina lachiwiri la 5 GHz, sikadzaliona. Kwa ine palibe kanthu, popeza 2.4 GHz ndi imene imapyola bwino makoma, ndipo liwiro la 150 Mbps lolembedwa pakatoni ndi loposa zomwe simu khadi yathu imabweretsa. Amene muli ndi intaneti ya fayiba yothamanga kwambiri, mufune ka mitundu iwiri yonse.

Kachipangizo aka ndikukapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mwezi watha ndagulira kena achimwene anga a ku Zomba, ndipo mu jumbo momwemo ndinawaikira chingwe chotalikitsira.