Shopu imene inatisindikizira makhadi a ulendo wa ku Angonia

Anzanga a m'mipingo yoyandikana nafe akhala akundifunsa kuti makhadi aja tinkasonkhetsera thandizo la ulendo wa ku Mozambique tinasindikiza kuti, komanso ngati ntchito yake inatikhutiritsa. Ine ndine msungichuma wa komiti ya ulendowu pa mpingo wathu wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, kuno ku Lilongwe, ndiye ndine ndinkayenderera kushopuko, kukambirana mitengo ndi kukatenga katundu. Ndi kashopu kakang'ono ku Old Town, chakufupi ndi msika waukulu. Eni ake ndi bambo achikulire amene amagwira ntchito ndi anyamata awiri. Wofuna kukafika andipeze kutchalitchi tikaweruka, ndimulondolera.

Ulendo wake unali wopita m'boma la Angonia, chigawo cha Tete, kudutsira pa chipata cha Dedza. Kumeneko si kwachilendo ayi. Anthu ake amalankhula Chichewa ngati ife, ndipo mpingo umene unatilandira, Igreja Reformada, ndi wa pamtundu pathu. Amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889 ndi omwewo anatsegula mishoni ya Mphatso ku Angonia mu 1909, kufikira boma la Apwitikizi linawatsekera mu 1922. Mayi anga kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo amakumbukira bwino anthu amene ankathawa nkhondo n'kudzamanga misasa m'mbali mwa msewu wa M1 mtendere usanabwere mu 1992. Choncho abusa atanena kuti ulendowu usakhale wa anthu okwera basi okhaokha koma wa mpingo wonse, ine zinandigwira mtima.

Vuto linali njira yake. Pa Paper Sunday tonse timadziwa mmene zimathera: amene ali nazo amaimirira, mayina awo amawerengedwa, ena onse n'kukhala chete kumbuyo akuwomba m'manja. Komiti inandituma kukasindikizitsa maenvulopu. Nditafotokoza cholinga chake, bambo a kushopu aja anayamba aganiza kaye, kenako anandifunsa kuti, "Mayi, agogo amene amagulitsa tomato pakhomo aikamo chiyani mu envulopu imeneyi? Akaiona ndi manyazi okhaokha, aibisa m'Baibulo." Anatulutsa mu kabati makhadi akale amene anasindikizirako mipingo ina, n'kundionetsa kuti khadi la timabokosi ting'onoting'ono limayenda kwambiri kusiyana ndi envulopu, chifukwa munthu amatha kulidzaza pang'onopang'ono, ngakhalenso kupempha anansi ake kuti amuthandize bokosi limodzi.

Apa ndi pamene ndikuwayamikira kwambiri. Sanangolandira ndalama n'kusindikiza zimene ndinabwera nazo. Tinakhala pa kompyuta limodzi ndi mnyamata wawo mpaka khadi linaoneka. Kutsogolo kunali timabokosi ta K200, ena a K500, ndi mzere umodzi wa K1,000 kwa amene angathe. Pansi pake anasiya mizere yolembapo katundu, monga chimanga, nyemba, mchere, sopo ndi zovala. Pansi penipeni panali malo oti munthu alembe tsiku la pa sabata limene adzapempherere ulendowu. Mzere umenewu ndi umene unakondweretsa abusa koposa, chifukwa pali okalamba ndi odwala amene alibe ndalama ngakhale chimanga, koma khadi lawo linabwerera lili ndi cholemba. Kuseri tinaika nambala za Airtel Money ndi Mpamba za mpingo, zimene zinathandiza ana athu amene ali ku Joni ndi kwina kutumiza kudzera kwa makolo awo.

Pepala lake ndi lolimba. Ndinaona khadi la mnyamata wina wa kwaya amene ndi kondakitala wa minibasi: linakhala m'thumba la malaya mwezi wathunthu, thukuta ndi fumbi, m'makona mopindika, koma inki sinafufutike ndipo timabokosi tonse tinkawerengeka, tina tochongedwa ndi bolopeni yofiira, tina ndi pensulo ya apaulendo amene ankawapempha. Khadi lililonse linali ndi nambala yake komanso kachidutswa kong'amba kamene kankatsala kwa ine. Aliyense amene anasungako ndalama za mpingo akudziwa kufunika kwake. Mkulu wa mpingo akatenga makhadi a mlaga wake ankasainira, ndipo pobweza tinkawerengera limodzi, popanda kukayikirana. Akushopu aja anatipatsanso makhadi a mitundu yosiyana, amayi a Chigwirizano wawo, abambo wawo, achinyamata wawo, a Sande sukulu wawo, mtengo osakwera. Ana aja ankanyadira makhadi awo achikasu kuposa wina aliyense, ndipo mtsikana wina wa Sitandade 5 anadzaza lake ndi phindu la zitumbuwa zimene ankagulitsa ndi mayi ake.

Chichewa chakenso anachisamala. Asanasindikize ananditumizira chitsanzo pa WhatsApp, ndinakachionetsa kwa alembi a mpingo, tinakonza mawu awiri atatu, iwo n'kutumizanso china osanyinyirika.

Za mtengo, sindinganene kuti ndi otchipa kuposa onse m'tauni, ali pakatikati. Chimene ndinakonda n'chakuti titapereka theka la ndalama, mtengo unakhala womwewo mpaka tsiku lotenga. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa ambiri amakuuza mtengo lero, mawa wasintha, ati pepala lakwera. Koma bambo aja anasunga mawu awo, n'kundipatsa lisiti lodinda bwinobwino loti ndikaonetse ku msonkhano wa akulu a mpingo.

Koma pa malaya zinthu sizinayende, ndipo sindibisa. Tinaoda malaya a anthu opita pa ulendo ndi ena ogulitsa kwa otsala, olembedwa Aroma 10:15 kumsana, vesi limene limafunsa kuti munthu angalalikire bwanji asanatumidwe. Anatilonjeza kuti adzakhala atatha Lamulungu lotsanzikana lisanafike, tsiku limene mpingo wonse unkasanjika manja opitawo. Loweruka madzulo ndinapeza theka lokha ndi limene ladindidwa. Anati magetsi anavuta sabata yonse, ndipo n'zoona ankazimazima, koma akanandiimbira foni Lachitatu tikanapeza nzeru zina. M'malo mwake foni inkangoitana osayankhidwa. Ena anaima kutsogolo atavala malaya atsopano, ena zovala zawo za masiku onse, ndipo zinandipweteka chifukwa amene anasowa anali achinyamata amene anathamanga kwambiri ndi makhadi. Malaya otsalawo atafika, masaizi aakulu anali ochepa kusiyana ndi mmene tinalembera, amayi ena anachita kusinthana. Zolemba zakumsana pa malaya ena zinayamba kusweka atangochapidwa kangapo. Nditakadandaula, bambo aja sanakane mlandu. Anapepesa, anadindanso amene anawonongeka kwambiri osatilipiritsa, koma tsiku lija linali litadutsa kale. Kuona kwanga, manja awo ndi a pepala, makina a malaya sanawazolowere.

Pa tsiku lonyamuka matumba a chimanga ndi nyemba anachuluka mwakuti tinachita kupempha mkulu wina galimoto yake ya tani imodzi kuti itsatire basi mpaka ku Dedza. Pafupifupi nyumba iliyonse ya mu mpingo inali itabweza khadi, ndipo opita aja atabwerako, tchalitchi chinadzaza anthu ofuna kumva za ku Ulongwe, likulu la boma la Angonia, ndi midzi yozungulira, aliyense akufunsa ngati sopo wake ndi mchere wake zinafika.

Ngati mpingo wanu ukukonza ulendo wotere, makhadi kasindikizeni kumeneko, ndipo muwalole bambowo akufunseni mafunso awo musanawauze chochita. Pitani kudakali miyezi iwiri kuti makhadi akhale ndi nthawi yozungulira m'miraga. Malaya mukafuna kuoda komweko, lembani masaizi pa pepala losainirana, ndipo muwauze tsiku loyambirira ndi sabata yathunthu kusiyana ndi limene mukuwafunadi. Ife chaka chamawa makhadi tidzabwereranso konko, ndawapempha kale kuti adzawonjezere mzere wolembapo dzina la mlaga, koma malaya komiti yagwirizana kuti tikafunse kwina.