Chaka chimene mabwana a ku Cape Town anayamba kusambira m'beseni

Achimwene, munandifunsa pa foni chimene ndinakalipira ana aja pa Khrisimasi pomwe anangosiya mpopi wa kwa azakhali ku Biwi ukudontha. Munati ku Joni kwandisintha. Mwina kwandisinthadi, koma imvani kaye zimene ndinaona kuno, ndipo muwawerengereko ndi amayi.

Kuno ku Cape Town mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene kwathu mukukolola ndi kuwotha moto. Madzi ambiri a mzindawu amachokera m'madamu akuluakulu asanu ndi limodzi, ndipo lalikulu kwambiri ndi Theewaterskloof. Mu 2015, 2016 ndi 2017 mvula inavuta motsatizana, moti damu limenelo linasanduka mchenga, mitengo yowuma imene inamira kalekale ikuonekera poyera.

Ine zinandipeza kudzera pa ntchito. Mukudziwa kuti ndimasamalira maluwa ndi kapinga kwa bwana wina cha ku Constantia. Mu Juni 2017 khonsolo inaletsa kuthirira maluwa, kutsuka galimoto ndi kudzaza maiwe osambira ndi madzi a pampopi. Kapinga anauma, makina ometera ndinawaika m'galaja, bwana n'kundichotsera masiku awiri pa sabata. Anyamata athu ambiri a m'magadeni anaona zomwezo. Amene anapumako ndi aja ogwira kwa anthu okhala ndi mjigo wawo pakhomo, ndipo eni nyumbawo ankapachika chikwangwani pampanda chonena kuti madziwo ndi apansi, kuopa kuti oyandikana nawo angawanenere.

Kuyambira mu Julayi 2017 munthu mmodzi ankaloledwa malita 87 patsiku. Pa 1 February 2018 anatsitsa kufika pa 50. Mukawerengera ndowa yathu ija ya malita 20, ndiye ndowa ziwiri ndi theka, za kumwa, kuphikira, kusamba, kuchapa ndi kugejemula chimbudzi. Apa n'kuti atalengeza kale tsiku limene ankalitcha Day Zero. Anati madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti, mipopi ya m'nyumba itsekedwa, ndipo aliyense azikatunga malita 25 patsiku pa malo pafupifupi 200 amene anakonza. Pa nthawi ina tsikulo linaikidwa pa 12 Epulo 2018.

Apa mpamene ndinaona zoti sindidzaiwala. Dona wa pamene ndimagwira anagula mabeseni, kuika limodzi m'bafa kuti aziimamo posamba, madziwo azithira m'chimbudzi. Tsiku lina anandiitana kuti andiphunzitse kasungidwe ka madzi otsukira mbale. Ndinangoti inde madamu, koma mumtima ndikukumbukira amayi akutisambitsa atatu ndi ndowa imodzi ku Ntcheu, otsalawo n'kuthirira nthochi ya kuseri kwa bafa. Loweruka bwana ankanditenga pa galimoto kupita ku kasupe wa ku Newlands, kumene madzi amatsika kuchokera kuphiri la Table Mountain. Mzere wa zigubu unali ngati wa pamjigo m'mwezi wa Okutobala, kusiyana kwake kokha anthuwo anabwera pa magalimoto odula. Amakangananso chimodzimodzi, wina akalowerera.

Koma ndisanyoze zonse. Chimene ndinachita nacho kaso ndi momwe khonsolo inkawerengera madzi. Sabata iliyonse ankalengeza kuti madamu ali pa mlingo wakuti, ndipo mzinda wagwiritsa malita akuti. Zinali pa wailesi, m'nyuzipepala, ndi pa zikwangwani za m'misewu ikuluikulu, mpaka ife oyenda pa minibasi tinkazidziwa pamtima. Anachepetsa mphamvu ya madzi m'mapaipi kuti otayika pa malo othyoka achepe. Anakweza mtengo kwa ogwiritsa ntchito ambiri. Anaika mapu pa intaneti pamene nyumba yosunga bwino madzi inkaoneka ndi kadontho kobiriwira, ndiye dona wanga ankayang'ana za anzake a mumsewu ngati akuwerenga zotsatira za mayeso. Alimi a zipatso a ku Grabouw nawo anatsegula madamu awo n'kupereka madzi ku mzinda. Zonsezi pamodzi, mzinda umene unkagwiritsa malita pafupifupi 1.2 biliyoni patsiku mu 2015 unatsika kufika cha m'ma 500 miliyoni mu 2018.

Kumene ndimagona ku Masiphumelele nkhani inali ina. Kumeneko anthu ambiri a m'zisakasa akhala akutunga pa mpopi umodzi wa gulu kuyambira kale, ndipo palibe anaupatsa dzina lachingerezi moyo umenewo. Pa yadi imene ndinkachita lendi tinalipo khumi ndi atatu. Pa mita panali kachipangizo kotseka madzi akakwana malita 350 patsiku. Lamulo linkalola banja lalikulu kukapempha kuti liwonjezeredwe, koma mwini yadiyo sanafune kuti zidziwike kuti kuseri kwake kuli alendi angati. Ndiye ikamakwana masana mpopi unkangoti phwee, mpweya wokhawokha. Ndinkadzuka 4 koloko kudzaza chigubu ndisanapite ku ntchito, kenako n'kukakhala tsiku lonse ndikuyang'ana dziwe losambira la bwana, lophimbidwa ndi lona kuti madzi asamauluke ndi dzuwa.

Day Zero ija inkangosunthidwa, kuchoka Epulo kupita Meyi, Juni, Julayi, mpaka inazimiririka. Mvula ya 2018 inagwa bwino, ndipo pofika mu Okutobala 2020 madamu anadzaza. Masiku anga awiri aja anabwerera, ngakhale gadeniyo si yomwe ija. Theka la kapinga tinalizula n'kubzala zomera za komwe kuno zosafuna madzi ambiri, ndipo kuseri kwa nyumba kuli matanki awiri akuluakulu okolola madzi a padenga. Beseni lija likadali m'bafa mwa dona mpaka lero.

Mpopi wa kwa azakhaliwo vuto lake ndi kalabala ka mkati basi, katha. Ndikutumizirani kangachepe kumapeto kwa mwezi, mukagule ku hadiweya, ndipo mupeze mnyamata wa sipanala akasinthe.