Behringer UFO202: kabokosi n'kabwino, koma musamvere za ogulitsa

Ndiyambe ndi zimene zandipsetsa mtima. Mnyamata wa pashopu ina ya zamagetsi ku Limbe analumbira kuti kabokosi aka, kojambulira mbale za nyimbo pa kompyuta, ndikangokaika pakati pa turntable (choseweretsera mbale) ndi soundbar, nyimbo ziyamba kulira pompo. Bodza lenileni. UFO202 ilibe potulukira pa optical, ilibe HDMI, ilibe Bluetooth. Ili ndi ma RCA awiri olowera, awiri otulukira, pobaya mahedifoni, ndi waya wa USB. Mawu a pambale imawasandutsadi a digito, koma amadzera mu USB kupita ku kompyuta basi. Nditabwerera nako anandiyankha kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Ndi mitengo akutidulayi, kwacha ili m'mene ililimu, wogulitsa azidziwako chimene wanyamula m'manja.

Chachiwiri n'chimene chinandiwawa kwambiri. Anati kawaya kakang'ono kotuluka kumbuyo kwa turntable, kokhala ndi kachitsulo kangati foloko kumapeto, n'kopanda ntchito, ndipo swichi ya PHONO/LINE ya pakabokosi ndiisiye pa LINE. Mukatsatira malangizo amenewo mumva zinthu ziwiri: nyimbo yapansipansi, yopyapyala ngati ikuchokera m'chitini, yopanda besi ngakhale pang'ono, ndipo mukakweza voliyumu kuti mumveko, kumabwera kung'ung'uza kosalekeza kuja, "hmmmm", kophimba chilichonse. Munthu ungaganize kuti singano yatha kapena kabokosi n'kakufa kale, pomwe zonse zili bwinobwino.

Chifukwa chake n'chosavuta. Katiriji (kamutu kamene kamagwira singano) ya mtundu wa MM, monga Audio-Technica AT-VM95E, imatulutsa mphamvu yochepetsetsa, pafupifupi 4 mV, pomwe polowera pa LINE pamayembekezera cha m'ma 300 mV. Pakufunika kukweza ndi ma dB pafupifupi 40. Kuonjezera apo, pojambula mbale kufakitale besi amaitsitsa dala, mpaka pafupifupi 20 dB pansi penipeni, n'kukweza mawu osongoka, kuti mizere ya pambale isakule kwambiri komanso kuti phokoso lichepe. Umenewu ndi muyezo wa RIAA, wa m'chaka cha 1954. Ntchito ya phono preamp, chokwezera mawu a pambale, ndi kubweza zonsezi m'malo mwake, ndipo mu UFO202 imayamba kugwira pokhapokha swichi ili pa PHONO. Kung'ung'uzako ndi magetsi athu a 50 Hz akulowerera m'mawaya. Kawaya "kopanda ntchito" kaja ndi ka ground: kamangeni pa kasikuluwu ka pakabokosi, mulimbitse ndi zala, phokoso lizima nthawi yomweyo. Likatsalako pang'ono, zulani chaja ya laputopu mujambulire pa batire, ndipo mawaya a RCA asagone pamwamba pa mawaya amagetsi.

Chenjerani ndi mbali inayo. Turntable ngati AT-LP120X ili ndi preamp yakeyake m'kati. Ikakhala yoyatsa, kabokosi kakhale pa LINE. Mukaika zonse ziwiri pa ntchito, besi imasefukira, mawu n'kung'ambika. Preamp ikhale imodzi yokha panjira yonse.

Zimenezi zitakonzeka, mtima wanga unatsika, ndivomere. Kabokosika kamagwira ntchito yake mosavutitsa. Sikafuna chaja yakeyake, kamadya magetsi a pa USB, ndipo kompyuta imakazindikira yokha popanda kuikamo ma driver. Pa Windows kamaoneka ndi dzina lakuti USB Audio CODEC. Apa pali msampha umene umagwira ambiri: Windows imakatenga ngati maikolofoni, ndiye nthawi zina imakaika pa tchanelo imodzi. Mukapanda kuona, mujambula mbale khumi zonse mu mono. Lowani m'masetingi a Sound, pa Recording, musankhe 2 channel, 16 bit, 44100 Hz, ndipo mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu, muike chimodzimodzi, stereo pa 44100. Audacity ndi yaulere, musalole wina akulipiritseni.

Musanadine batani lojambulira, pukutani mbale ndi burashi yake, chifukwa fumbi lililonse limamveka ngati kuthetheka kwa moto ndipo likalowa mu fayilo lalowa. Kulemera kwa singano kukhale komwe opanga ananena. Pa VM95E ndi magalamu 2.0. Yambani mwaseweretsa malo ofuula kwambiri a mbaleyo muone mita ya mu Audacity. Ikamafika cha pa -6 dB zili bwino, ikamagunda 0 n'kufiira ndiye kuti mawu akudulidwa nsonga. Tsitsaninso masipika pojambula, popeza besi ya m'chipinda imagwedeza tebulo n'kubwerera kusingano.

Mbali imodzi ya LP ndi mphindi pafupifupi 20, ndipo fayilo ya WAV imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, choncho mbale yonse ndi cha m'ma 400 MB. Jambulani mbali yonse kamodzi, kenako muike ma label poyambira nyimbo iliyonse n'kutulutsa zonse pamodzi ngati FLAC, imene imachepetsa kukula pafupifupi ndi theka popanda kutaya kanthu. Lembani mayina a nyimbo ndi a woimba nthawi yomweyo, apo ayi pa choseweretsera nyimbo chanu mudzangoona "Track 1" mpaka pansi. Za Noise Reduction musachite nazo dyera. Mukaikweza kwambiri, zinganga ndi mawu a woimba zimamveka ngati zili m'madzi. Kuthetheka kwakukulu kuchotseni kumodzikumodzi, kotsalako kusiyeni.

Malire ake alipo. Sikapitirira 16-bit ndi 48 kHz, zomwe kwa ine n'zokwanira chifukwa phokoso la mbale yeniyeniyo ndi lalikulu kuposa la kabokosi. Katiriji za mtundu wina, wa MC, zotulutsa osafika 1 mV, si zake. Chimene ndikanakonda chikadakhalapo ndi kotsitsira mawu olowa. Kagudumu kali pamenepo n'ka mahedifoni okha. Ngati katiriji yanu ndi yamphamvu, ya ma DJ, ndipo mbale ndi 12-inch yofuula, mawu akadulidwa m'kabokosi momwemo kutsitsa mu Audacity sikuwabweza. Zikatero gwiritsani preamp yapadera yokhala ndi kotsitsira, kabokosi muike pa LINE.

Amene mukufuna kumvera mbale pompopompo pa soundbar kapena amp yolandira optical yokha, popanda kompyuta pakati, aka si kanu. Funani phono preamp ndi ADC (yotembenuza analogi kupita ku digito) yotulutsa TOSLINK, ndiye optical ija, ndipo muwerenge bwino pabokosi, chifukwa zambiri zili m'mashopumu ndi ma DAC, otembenuza digito kupita ku analogi, pomwe inu mukufuna chosemphana nacho. Kabokosi ndakapatsa nyenyezi 4. Shopuyo sindipondakonso, ndipo mukapitako inu, muuzeni mnyamatayo akuonetseni pobaya optical musanatulutse ndalama.