Cypermethrin, methoxyfenozide ndi pyriproxyfen: oyenera chilombo chiti?

Chilowereni mbozi za ntchemberezandonda m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, alimi ambiri kuno ku Kasungu amakhulupirira mankhwala pokhapokha aone mbozi zitagwa tsiku lomwelo. Pamenepo cypermethrin ndiye amatsogola, chifukwa amasokoneza mitsempha ya chilombo msangamsanga. Tsoka lake n'lakuti amaphera limodzi njuchi ndi timavu todya mbozi, ndipo akamapoperedwa chaka ndi chaka zilombo zimafika posamumva.

Methoxyfenozide amatengera ecdysone, homoni (mankhwala achilengedwe a m'thupi) imene imauza mbozi kuti nthawi yofundula yakwana. Mbozi ikadya tsamba lopoperedwa imayamba kufundula nthawi isanafike, chikopa chakale cha kumutu chimakanirira n'kuitseka pakamwa, motero imaleka kudya pasanathe tsiku ngakhale kuti kufa kwake kumatenga masiku angapo. Mukafunyulula nsonga ya chimanga m'mawa mwake mudzaipeza idakali ndi moyo, koma ndowe zatsopano zonga utuchi zija sizionekanso. Apa m'pamene ambiri amanenera kuti mankhwalawa ndi ofooka n'kupoperanso ena pamwamba, zimene zimandipweteka mtima chifukwa ntchito imakhala itagwirika kale. Methoxyfenozide amafuna kupoperedwa mbozi zikadali zing'onozing'ono, masamba akangoyamba kuoneka timawanga towala, pakuti mbozi yaikulu yobisala mkati mwa nsonga ndi yovuta kuifikira. Amachepetsanso mazira amene agulugufe a mbozizi amaikira, ndipo njuchi sazivulaza kwenikweni.

Pyriproxyfen amachita zosiyana ndi zimenezi, popeza iye amatengera homoni ya ubwana ndipo amaletsa chilombo kukhwima. Pa ntchentche zoyera za tomato m'madimba a m'mbali mwa Bua amathandiza kwambiri: mazira saswa, ana amalephera kusanduka ntchentche zobereka, ngakhale zikuluzikulu zimaulukabe mpaka zitafa zokha. Mnzake methoprene wagwiritsidwapo ntchito poteteza fodya wosungidwa ku tizilombo tomufumbula.

Pa ntchemberezandonda sindingamusankhe pyriproxyfen, chifukwa chowononga chimanga ndi mboziyo, ndipo kuichedwetsa kukula sikuiletsa kudya. M'chimanga ndingayambe ndi methoxyfenozide, cypermethrin n'kumusungira pamene mbozi zabuka modzidzimutsa, ndipo botolo lililonse likhale lovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo.