Timipira toyera pa zithunzi za usiku: fumbi, lenzi yothimbirira kapena mizimu?

Aliyense amene anajambulapo ndi fulashi usiku, makamaka pa chinkhoswe kapena pa siwa pamene anthu ali piringupiringu pabwalo, anaonapo timipira toyera tonga thovu la sopo titayandama pamwamba pa mitu ya anthu, pomwe pa nthawi yojambulayo maso sanaone kanthu. Maganizo amene anthu amapereka pa nkhaniyi ndi angapo, koma mukawaika pamodzi mumaona kuti sakulingana mphamvu.

Ganizo limene limayankha mafunso ambiri ndi la fumbi. Pa foni ndi pa makamera ang'onoang'ono a m'thumba, fulashi imakhala moyandikana kwambiri ndi lenzi, kagalasi kolowera kuwala m'kamera, kotero kuti kuwala kukagunda kafumbi kamene kakudutsa patsogolo, kumabwerera molunjika n'kulowa m'kamera. Komanso kuwala kwa fulashi kumatha mphamvu msanga kukamapita kutali: kafumbi kamene kali pa masentimita 10 kamalandira kuwala kowirikiza ka 900 poyerekeza ndi munthu amene waima pa mamita 3. Popeza kamera yalunjikitsa diso lake pa munthu wakutaliyo, kafumbiko sikaoneka mmene kalili, koma kamafufuma n'kusanduka kampira kakakulu kotuwa. Maonekedwe ake amatengera bowo lolowera kuwala m'lenzi, n'chifukwa chake timipira ta m'chithunzi chimodzi timafanana kapangidwe, ndipo pa makamera ena timatuluka ta ngodya 6 m'malo mokhala tozungulira. Mvula yowaza, nkhungu, mungu wa maluwa ndi tizilombo touluka zimachita chimodzimodzi. Ineyo ndinayesa tsiku lina m'mwezi wa Okutobala: ndinakung'untha mkeka m'chipinda chamdima n'kujambula nthawi yomweyo, ndipo timipira tinadzaza chithunzi chonse mpaka kubisa chitseko, patapita ola limodzi fumbi litakhazikika, ndinajambulanso pamalo omwewo ndipo panatsala tiwiri tokha.

Ena amati vuto ndi lenzi yothimbirira. Izi zimachitikadi, koma n'zosavuta kuzisiyanitsa ndi fumbi louluka, pakuti chimene chamatirira pa lenzi chimaoneka pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, pomwe kafumbi ka mumpweya sikabwereza malo ngakhale mutajambula kawiri motsatizana. Mafuta a zala nthawi zambiri amachititsa chithunzi kuoneka ngati chachifunga ndipo magetsi amatuluka ndi mizere, osati timipira. Fumbi lolowa mkati mwa kamera yosintha malenzi limasiya madontho akuda, osati owala.

Palinso kuwala kwa babu, dzuwa kapena mwezi kumene kumanjanja pakati pa magalasi a lenzi n'kutulutsa kadontho, kawirikawiri kobiriwira pa zithunzi za foni. Kadontho kameneka sikadalira fulashi, ndipo kamayenda mukamasuntha foni, nthawi zonse kumbali yoyang'anizana ndi gwero la kuwalako.

Ganizo la mizimu siliyenera kusekedwa, chifukwa munthu amene waona kampira pafupi ndi phewa la mayi woferedwa amakhala akufuna chitonthozo, osati phunziro la makamera. Komabe mbiri yake siilimbikitsa. Ku Boston, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1860, wojambula zithunzi wina dzina lake William Mumler ankagulitsa zithunzi zoonetsa anthu akufa ataima kumbuyo kwa abale awo, ndipo mu 1869 anaimbidwa mlandu wachinyengo ku New York, ngakhale kuti khoti silinamupeze wolakwa. Akatswiri ojambula anasonyeza kuti zoterozo zimatheka posanjikiza zithunzi ziwiri. Timipira ta masiku ano tinayamba kuchuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe makamera ang'onoang'ono a dijito anafala, zimene zikugwirizana bwino ndi ganizo la fumbi. Ganizo la mizimu limalepheranso kufotokoza chifukwa chake timipirati timachuluka pamene gule wavundula fumbi, kapena chifukwa chake anthu awiri ojambula limodzi ataima phewa ndi phewa amapeza timipira pamalo osiyana.

Umboni umene ine umandikhutiritsa kwambiri umachokera kwa anthu ojambula pansi pa madzi, amene vutoli amalimbana nalo tsiku ndi tsiku chifukwa madzi amakhala ndi tinthu tambiri toyandama. Iwo amaika fulashi pa mikono yaitali kumbali kwa kamera kuti kuwala kusagunde tinthu timene tili patsogolo penipeni pa lenzi, ndipo timadontho timachepa kwambiri. Wa kamera yaikulu angachite zomwezo pogwira fulashi yapadera kutali ndi lenzi kapena poiloza kudenga. Wa foni azimitse fulashi, aimike anthu pafupi ndi babu, ndipo ngati ndi pabwalo la gule, adikire kaye kuti fumbi litsike asanajambule.