Kulawira, kusintha nyengo kapena kudzera njira ina: chothandiza n'chiti phiri likadzaza anthu?

Phiri likatchuka, njira yake imachita kuthina, anthu kumapondana zidendene. Ofuna kukwera mopanda phokoso amakangana pa nzeru zitatu: kulawira mbandakucha, kupita nyengo imene ena sapita, kapena kusiya njira yotchuka n'kutenga ina. Nzeruzi sizilingana mphamvu.

Kulawira ndiye kosavuta. Paphiri loti mukwera n'kutsika tsiku lomwelo, mukanyamuka kusanache, makamaka pakati pa sabata, gulu mumakumana nalo muli kale pobwerera. Mumapewanso mvula yamabingu imene pamapiri ambiri imakonda masana. Koma nzeru imeneyi imagwa m'madzi pamene aliyense akuthamangira kukaona dzuwa likutuluka. Pa Fuji ku Japan, phiri la mamita 3,776, anthu amachuluka usiku: tochi pamphumi, mzere wautali chakumtunda, kusuntha pang'ono n'kuima. Kumeneko wolawira ndiye walowa m'gulu lenilenilo.

Kusintha nyengo kumachotsa anthu kuposa zonse, koma anthuwo sathawa pachabe. Pa Kilimanjaro, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi misasa imakhala pululu chifukwa kuli mvula yambiri, matope ofika m'akakolo, ndi mitambo yobisa zimene munabwerera. Pa Fuji nyengo yokwera imayamba mu Julayi n'kutha kumayambiriro kwa Seputembala. Ikatha, nyumba zogona alendo zimatsekedwa, ndipo mphepo ndi madzi oundana zimapha anthu. Ngati simunazolowere mapiri, musayese dala. Sankhani masabata oyambirira kapena omalizira a nyengo yabwino, basi.

Ine mtima wanga uli pa kusintha njira. Anthu ambiri amatsata njira imene amva dzina lake, ndiye zina zimangokhala. Pa Fuji pali njira zinayi, koma oposa theka la okwera amadzera ya Yoshida. Ya Gotemba imadutsa anthu ochepa kwambiri, chifukwa imayambira m'munsi kuposa zinzake ndipo mumapalasa mchenga wakuda wosaonetsa mapeto. Bata lake mumalilipira ndi miyendo. Pa Kilimanjaro gulu lili pa Machame ndi Marangu, pomwe ya Rongai, yochokera kumpoto chakumalire ndi Kenya, imakhala ndi anthu ochepa komanso mbali imeneyo simagwa mvula yambiri. Ya Northern Circuit ndi yaitali kuposa zonse, masiku pafupifupi 9, koma kutalikako kumapatsa thupi nthawi yozolowera mpweya wochepa musanafike pansonga, pa mamita 5,895. Apa pokha kuthawa gulu kumathandizanso kuti mukafike pamwamba.

Chimene otsatsa maulendo sakonda kunena n'chakuti njira zimakakumana kumtunda. Ya Lemosho imayamba mwabata, koma imakaphatikana ndi ya Machame musanafike ku msasa wa Barranco, ndipo pokwera thanthwe lotsetsereka ngati khoma la pamenepo mumaima pamzere ngati wina aliyense. Ya Rongai imakalowa m'njira ya Marangu cha ku msasa wa Kibo. Ya Subashiri pa Fuji nayo imakalumikizana ndi ya Yoshida chakumtunda. Choncho musanalipire, tengani mapu, tsatani njira yanu ndi chala mpaka pamene ikukumana ndi inzake, ndipo mufunse wokutsogolerani ngati zingatheke kudutsa pamenepo gulu litapita kale.